Utsi Wakuda pa Ulendo Wanu Womaliza

Amayi anga, kodi mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Kawale ndilipo. Chimanga chija munadzala ku Likuni chacha bwino, ndakolola ndekha. Mpopi wapanja ukudonthabe. Mkazi wa mlongo wanga Yamikani wachira, ndi mwana wamkazi, akuti mphuno ndi yanu. Ndikuti akuti chifukwa sindinamuone. Ndinapita ku Area 25 ndi sopo ndi matewera, mlamu anandilandirira pageti, khanda atalitsekera m'nyumba. Kumanda kwanunso sindinapondeko, Amayi. Anandiletsa. Mwina simukudziwa chifukwa chake, poti tsikulo munali chigonere m'bokosi.

Tinakunyamulani pa pikapu yanu yomwe ija ya dizilo, imene munkapikulira mtedza chimwalirireni bambo. Yamikani ndiye ankayendetsa. Anthu anadzaza kumbuyo mpaka galimoto kukhala pansi. Kanengo tinadutsa bwinobwino, ulendo wa kwathu ku Dowa. Titayamba chitunda cha patsogolo pa Lumbadzi, galimoto inalemera, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda bii. Amayi a Mvano nyimbo inawathera m'chifuwa. Yamikani akaponda moto, utsi ndiye kuwonjezeka. Tinafika pamwamba mokwawa, iye n'kuimika.

Amalume, achimwene anu aja, anatsika nayang'ana bokosi. Anati, "Maliro akukana. Muno muli munthu amene malemu sakufuna kuyenda naye." Mng'ono wanu, amayi aang'ono, sanachedwe. "Nanga ankawaphikira ndani? Mankhwala ankawamwetsa ndani? Mkazi wamkulu chonchi, banja ayi, mwana ayi, kumangokumbatira mabuku. Nyumba ija waipeza tsopano." Ananditsitsa akundikoka dzanja langa lomwe linkakusambitsani. Galimoto inanyamuka, ndipo utsi sunaonekenso. Ndinawamva akuyambiranso nyimbo. Ndinafika pa matola atakwirira kale, amalume atandidikirira panjira ya kumanda. Anati phazi langa lisadzapondeko.

Ndawerenga mabuku ambiri onena za imfa, Amayi, koma palibe limene linandiuza choti munthu achite akasiyidwa pamsewu, mayi ake akupita. Chimene chinandigwira ndi mawu anu aja akuti galimoto sinama, imangosowa woimvetsera. Pikapu itabwerera ndinapeza woyendetsa, n'kuitengera ku Biwi, kwa a Mhango, makaniko wa ku Rumphi uja ankakutchulani kuti abwana.

Sindinawauze za maliro. Ndinangoti ikufuka. Anati, "Asisi, utsi uli ndi mitundu ngati anthu. Wabwanji?" Anandifotokozera kuti wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo, mwina maring'i atha. Woyera wosatha ngakhale injini itatentha, kawirikawiri madzi akulowa mosayenera, gasiketi yapsa. Wakuda ndiye kuti dizilo wachuluka koma mpweya wachepa. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, napeza ali bwino. M'radiyeta madzi anali odzaza, opanda thovu. Analiza injini, naponda kwambiri, utsi uja n'kutuluka, womwe uja ndithu. Anati, "Iyi ikubanika. Tione mphuno kaye tisanakhudze manozo, timipopi topopera dizilo m'injini."

Atatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya anaseka, kenako anasiya kuseka. Fyulutayo inali yokulungidwa ndi chidutswa cha chitenje, chomangidwa mfundo ziwiri, chitauma gwa ndi fumbi. Chitenje chanu chachikasu chija cha mbalame, Amayi.

Ndinakumbukira pomwepo. Chilimwe chatha, musanagone, munkadandaula fumbi la ku Chinsapo kumene munkagulitsa. Munati, "Ine ndimatseka mphuno ndi chitenje, nanga injini ilibe mphuno?" Munang'amba nsalu, ine ndikukugwirirani boneti. Munayenda nayo choncho mpaka matenda anakugwetsani, galimoto n'kungokhala pabwalo. A Mhango anati pamalo osalala, katundu ali wochepa, injini yotere imapirira. Koma ipatseni anthu odzaza ndi chitunda, ifuna mpweya wambiri, siupeza, dizilo n'kumatuluka osapsa bwino. Ndinafunsa kuti nanga pamwamba pa chitunda utsi ungathe wokha? Anati, "Potsetsereka ndani amaponda, asisi?" Anaika fyuluta yatsopano, anayeza manozo napeza imodzi ikudontha, naikonza. Tinakwera nayo mtunda, kumbuyo kuli mbee. Nditawauza zonse anavula kapusi.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwana wakhoza mayeso. Ndinkaganiza kuti choonadi ukachigwira m'manja, anthu amachiona.

Sabata yatha amalume anabwera ndi amayi aang'ono kudzagawa zovala zanu. Yamikani analiponso. Atatha kumanga mitolo ndinagwada, ndinaika kansalu kaja pamphasa, n'kufotokoza zonse mwaulemu, za mpweya, za chitunda, za potsetsereka. Amalume anakatembenuza ndi kamtengo, osakakhudza. Anati, "Nsalu ya malemu. Yomanga mfundo. Yobisa m'mimba mwa galimoto. Ife timangoganizira, koma iwe mwana wadzibweretsera umboni wekha." Amayi aang'ono anasuntha mtolo wawo kuti usayandikire. Anati, "Kuphunzira kumeneku ndiye kwakupatsa ukatswiri, mpaka makaniko wagula."

Ndinayang'ana Yamikani. Amayi, iyeyo akudziwa kuti munkamanga chilichonse ndi nsalu, chitseko cha galimoto, mpopi, ngakhale wailesi. Anangoti maso pa foni, kenako anati kunja kukuda, mwana ali yekha ndi mayi ake. Zovala anatenga zonse, ndi nsapato zomwe. Chimene anandisiyira ndi kansalu kokhako, poti palibe anafuna kukagwira. Ndakachapa katatu, madzi akuda ngati makala. Mbalame zija zayambanso kuoneka.

Nthawi zina ndimakukwiyirani pang'ono. Mukanagula fyuluta, Amayi. Koma ndikakumbukira mmene munkamangira mfundo zija, lilime lili panja, mukuiuza galimoto kuti isakhosomole, mkwiyo umandithera. Munkaisamala monga munkatisamalira ife, ndi chimene chinali pafupi.

Madzulo ndikaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, a Mhango akumandiphunzitsa kuyendetsa. Akuti giya ndikuidziwa, chatsala ndi mantha. Ikatha temu ino ndibwera ndekha. Ndidzakwera chitunda chija pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pagalasi. Ndikudziwa kuti utsi ukapanda kutuluka, amalume adzati ndakhwimitsa mankhwala, ndipo adzaimanso panjira paja. Sindidzalimbana nawo. Ndidzaimika pamsewu, pamene mitengo ya kumanda imaonekera, n'kuliza hutala kawiri, monga munkachitira pageti mukafika madzulo kuti ndidzakutsegulireni. Mudzadziwa kuti ndine, ndipo kuti sindinatsike mwakufuna kwanga.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndibwera.

Ine mwana wanu,
Esinati