Nkhunda Sizifuna Mphunzitsi

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wochokera kwa ine, mkamwini wanu ndi mdzukulu wanu Kamaso. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija likumavutabe kukazizira? Nanga chifuwa chimene ankanena achimwene chija chinatha? Ife kuno tili bwino ndithu, Mulungu akutisunga.

Mudabwa kuti kalata ndi yachiyani pamene foni ilipo. Mwachititsa ndinu nomwe. Masiku ano ndikaimba mumangoti tili bwino, ndisanafunse china ndimangomva achimwene akutsokomola, ndiye kuti mwawapatsira kale. Inu amene makasitomala anakupatsani dzina loti a Wailesi! Ine mukundidziwa, pakamwa panga ndi polemera chibadwire, paja munkanditcha Duu. Tikakumana pafoni anthu awiri osayankhula, timangomverana mpweya. Ndiye ndati ndilembe, mwina dzanja lingathe zimene pakamwa pakulephera.

Tinasamuka m'kachipinda kaja ka kuseri kwa garaja. Tsopano tikukhala pamwamba pa sitolo ya penti, zipinda ziwiri ndi kakhitchini. Masitepe ake ndi ochepa ndipo ali ndi pogwira. Chipinda chimodzi chimayang'ana kumsewu, dzuwa la m'mawa limalowa mpaka pakati, moti munthu akhoza kulowetsa ulusi pasingano osavala magalasi. Chovuta ndi mpopi wa kukhitchini umene umadontha usana ndi usiku. Eni nyumba amangoti mawa, ndipo mawa lawolo silifika.

Mkamwini wanu akadali kowotcherera zitsulo. Amabwera makutu akulira, akasamba amakhala pampando n'kumamwetulira khoma. Ndi munthu wabwino, sindidandaula naye, koma mawu ake amakhala ngati amachita kugula. Tsiku lina mayi wa sitolo ya pansiyi anandiimitsa n'kundiyamikira kuti sanaonepo anthu aulemu ngati ife, akuti poyamba ankaganiza kuti m'mwambamu mulibe anthu. Atamva kuti tili ndi mwana anagwira pakamwa. Ndinathokoza, koma pokwera masitepe mawu amenewo anandilasa mumtima.

Ntchito yochapa kuhotela ija ndinasiya. Pano ndikugwira kusukulu ya ukachenjede, m'nyumba imene amasungamo mbalame kuti aziphunzira kaimbidwe kake. Musaseke Bambo, kunja kuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi kumvetsera mbalame tsiku lonse. Yanga ndi kusesa makola, kusintha madzi ndi kuthira chakudya. Timbalame take ndi tating'ono ngati mpheta, milomo yofiira, tatimuna tili ndi masaya ngati tadzola zodzoladzola. Ife antchito timavala malaya oyera, ndipo polowa timaponda kaye m'beseni la mankhwala. Malaya anga anabwera manja ataliatali, ndinapinda ndekha. Msoko wake mutauona mukhoza kundikana kuti si ine mwana wa telala.

Abwana athu ndi mayi wina wamtali wa imvi, timangowatcha a Pulofesa. Amakonda kufotokoza zinthu ngakhale kwa ife a tsache. Anandiuza kuti phokoso limene ndinkaliyesa chisokonezo lija lili ndi mitundu yake. Pali kulira kochenjeza kuti kwabwera mdani, pali kopempha chakudya, pali kokangana. Akuti makolo akalekale a timbalameti amene ankakhala m'magulu, n'kumachenjezana ndi kuitanana, ndiwo ankapulumuka kwa akabawi n'kusiya ana, ndiye mibadwo ikamapita mawu aja ankanka nachuluka. Kukhala pagulu kumafuna zonena zambiri kusiyana ndi kukhala pawekha.

Pali kulira kwina kwakufupi kumene kulibe nkhani ina iliyonse. Kamuna kamaitana, kakazi kamavomera, basi. Tanthauzo lake ndi longoti ine ndili pano, iwe uli kuti. Nditamva zimenezo ndinakumbukira inu ndi malemu Amayi. Inu muli pakhonde kupalasa makina, n'kuitana mayi a ana. Iwo ali kuseri kuchapa, n'kuvomera. Inu osapitiriza. Anafe tinkaseka kuti mwaiwala chimene mumafuna kunena. Ndazindikira lero, ndili mayi wamkulu, kuti simunkaiwala kanthu.

Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nkhani ya nyimbo. Akuti tambala ngakhale akulire yekhayekha m'katoni, adzalirabe kokoliliko ngati atambala onse. Nkhunda chimodzimodzi, zimabadwa nako kulira kwake. Timbalame tathuti ayi. Kamwana kakamuna kamayenera kumva nyimbo kwa tate wake kapena kwa wamkulu wina kakadali kakang'ono. Kamayamba ndi kubwebweta ngati khanda, kenaka n'kumakonza pang'onopang'ono mpaka nyimbo ifanane. Nthawi yake ikadutsa, kwatha. M'mera mpoyamba. A Pulofesa anandiikira mawu ojambulidwa a kena kamene kanakula popanda wokaimbira. Abale inu, kukhwekhwereza kokhakokha ngati makina osathira mafuta, ndipo tatikazi sitikayang'ana n'komwe.

Ndinawafunsa kuti bwanji osangoikira tiana ta mbalameti sipika kuti tiziphunzirapo. Anaseka, nati anayesa kale. Ana a sipika amatolapo ndithu, koma pang'ono, chifukwa sipika siyang'ana mwana, sidikira kuti ayese, siyankha. Mwana amaphunzira bwino kwa amene akukhala naye pakamtengo kamodzi, amene amamukankha, kumukalipira ndi kumubwerezera.

Tsopano ndikuuzeni za mnzanu. M'khola la pakona muli kankhalamba kena ka dazi, chala chimodzi chopindika, kolongolola kuposa tonse. Ndinakapatsa dzina loti Wailesi. Mundikhululukire. Anzanga onse pantchito akutchula dzina lomwelo osadziwa kuti lili ndi mwini wake. Mkazi wa Wailesi anafa nyengo yozizira yapitayi, ndine ndinamupeza pansi pa khola m'mawa. Masiku otsatira Wailesi ankaitana kaitanidwe kakafupi kaja, n'kumvetsera, n'kuitananso. Kenaka anasiya. Kudya ankadya, kumwa ankamwa, koma nthenga zili nyankhalala, nyimbo osaimbanso. Khola lake ndinkasesa msangamsanga chifukwa kumuyang'ana kunkandimvetsa chisoni.

Zinangochitika kuti m'khola lina tate anadwala n'kuchotsedwa, kusiya tiana titatu tongoyamba kumene kudya tokha. A Pulofesa anati tikatiike kwa Wailesi, ngakhale iwo eni sankayembekezera zambiri. Poyamba anatijompha tianato. Kenaka anangotifulatira. Koma ana alibe manyazi. Tianato tinkamutsatira paliponse, kumupanikiza pakamtengo, kumubwebwetera m'khutu zopanda mutu. Ine ndikuganiza kuti zinamunyansa kumva nyimbo ikuonongedwa chonchija, monga mmene inu mumachitira mukaona kolala yosokedwa mokhota. M'mawa wina ndikusintha madzi ndinangomva wayamba. Mawu anali atasasa, koma nyimbo inali yonse. Ndinaima botolo lili m'manja, misozi ili mbwembwembwe, mpaka mnzanga anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro. Pano tiana tija tikuimba nyimbo yake, mpaka ndi kakudukiza kake ka kumapeto.

Nkhani yaikulu imene ndalembera ndi ya Kamaso. Akukula bwino, ndi wojintcha, amadya chilichonse, amathamanga moti kumugwira ndi ntchito. Koma sayankhula. Anzake a kusukulu ya mkaka akufotokoza kale nkhani, iye amangoloza ndi chala n'kukuyang'ana ndi maso ake aakulu aja. Tinapita naye kuchipatala, anamuyeza makutu, akumva bwinobwino. A nesi anafunsa kuti kunyumba amacheza naye ndani. Ine ndi bambo ake tinangoyang'anana. Kusukulu amamva chiyankhulo cha kuno kudziko la eni, kunyumba amamva mpopi ukudontha. Anatiuza kuti tisachite mantha, koma tisazengerezenso, chifukwa nthawi yake ndi inoyi.

Ndayesetsa, Bambo. Ndimamuuza kuti iyi ndi supuni, ichi ndi chitseko, uyu ndi mphaka, kenaka mawu amandithera, timangoyang'anana. Ndinamuikiranso mawu anu aja ndinajambula paukwati wa achimwene, pamene munalanda nyimbo kwa oimba. Anamvetsera ndithu, kenaka anatembenuza foni kufunafuna munthu kuseri kwake. Ataona kuti kulibe, anaiponya pansi n'kumapita.

Loweruka lapitali inali nthawi yanga yodyetsa mbalame, bambo ake ali kuntchito, ndiye ndinapempha a Pulofesa kuti ndipite naye. Naye anaponda m'beseni la mankhwala ndi tinsapato take, akuoneka kuti zamusangalatsa. Ndinamukhazika pampando pafupi ndi khola la pakona ndi kumuuza kuti asagwire kanthu. Ndili kumapeto kwa chipinda kuthira chakudya, ndinamva kamawu kachilendo pakati pa phokoso lija. Kucheuka, ndi mwana wanga, waimirira pampando, mphuno ili pawaya, akuyankha mbalame. Wailesi akaimba, iye n'kuyesa. Wailesi n'kupendeketsa mutu, n'kubwereza. Ankachita kulandizana ngati anthu odziwana kalekale. Pabasi ulendo wonse anali akuimbabe mpaka anthu kumacheuka. Tsopano m'mawa amatidzutsa ndi nyimbo yomweyo, ndi kakudukiza komwe.

Mkamwini wanu anaseka mpaka kutsamwa, nati mwana wathu chiyankhulo chake choyamba ndi cha mbalame. Nanenso ndinaseka, ndipo mtima unakhala pansi, pakuti ndinaona kuti mawu alimo, ankangosowa womuyankha. Koma pambuyo pake zinandiwawa. Zoona mdzukulu wa a Wailesi enieni aziphunzira kwa Wailesi wa nthenga, agogo ake ali moyo?

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani mudzakhale nafe, ngakhale miyezi yochepa chabe. Za ulendo takonza kale ine ndi mkamwini wanu, achimwene adzakuperekezani kokwerera basi, ife tidzakuchingamirani. Chipinda cha dzuwa chija ndi chanu. Mayi wa sitolo ali ndi makina opalasa amene anasiya malemu amuna awo, akungochita dzimbiri, ndipo avomera kuti tiwakweze m'mwamba muno. Ndawachenjezeratu kuti bata lija ankaliyamikira latsala pang'ono kutha. Sindikukupemphani kulera mwana kapena kuphika. Mudzangokhala pamakina, iye ali pansi kutola tinsalu, inu n'kumalongolola monga munkachitira ndi ife, kukangana ndi ulusi, kunyoza mabatani, kuimba nyimbo zanu zija zopanda mathero.

Alamu anandiuza kuti makina anu munawaphimba ndi nsalu, ndipo mumakhala pakhonde tsiku lonse osatsegula pakamwa. Musawakalipire, ndinachita kuwaumiriza. Sindikukuyerekezani ndi mbalame, Bambo, ndipo sindikunena kuti mwana angatseke pamene panachoka Amayi. Wailesi naye sanaiwale. Nthawi zina ndikamatseka mawindo poweruka amaitanabe kamodzi n'kumvetsera. Koma m'mawa amaimba.

Yankho lanu ndikulidziwa kale, ndi lomwe lija munawapatsa azakhali atakuitanani kwawo, lakuti nkhunda zanu musiyira ndani. Achimwene adzazithira chakudya, ana awo adzasesa khola, ndayankhula nawo kale. Ndinachita kufunsa dala kwa a Pulofesa, ndipo ananditsimikizira kuti maunda anu adzalira bwinobwino ngakhale mutachokapo chaka chathunthu. Nkhunda sizifuna mphunzitsi, Bambo. Kamaso akumufuna.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti ndikuthokoza chifukwa chokusamalirani. Moni kwa ana awo onse, makamaka wamkulu uja, alimbikire sukulu. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndiponso kwa anzanu a pakhonde, wokonza nsapato ndi wometa uja, muwauze kuti ndikungokubwerekani, ndidzakubwezani. Mkamwini wanu akuti moni. Ndamufunsa ngati pali china choti ndionjezere, waganiza nthawi yaitali, wati ayi, moni yemweyo.

Kamaso naye akupereka moni, koma m'chiyankhulo chimene sindingathe kulemba. Dzulo ndinamuonetsa chithunzi chanu n'kumuuza kuti awa ndi agogo. Anayang'anitsitsa pakamwa panga, milomo yake ikuyenda, mawu osatuluka. Atsala pang'ono. Ndikufuna kuti tsiku limene adzaitane dzina limenelo, inu mudzakhale chipinda chinacho kuti mumuvomere.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mwana wanu,
Duu