Chipinda Chimodzi ku Doko Lakale

Tanja, 12 Meyi

Okondedwa achimwene Layachi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Antwerp, inu pamodzi ndi ana. Shuga uja akukusungani bwanji masiku ano? Nanga bala la kuphazi lija linapola? Musamangoti zili bwino, muzikaonetsa kuchipatala.

Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mvula yatha, koma mphepo ya kum'mawa yatisautsa sabata yonse, zovala sizikukhala pachingwe. Mng'ono wanu Mfeddal ali bwino, galaja yake ikuyenda. Mkazi wake Rhimou nayenso alipo, ndipo ana onse anayi akupita kusukulu.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata foni ilipo. Pafoni mumalankhula ndinu, ine ndimangoti eya achimwene, eya achimwene, mpaka mudule. Lero ndikufuna mundimve mpaka kumapeto.

Ndagula nyumba.

Ili kudoko lakale, m'chinyumba chija ankapangiramo ayezi woti asodzi azisungira nsomba. Asodziwo atawasamutsira kudoko latsopano, chinyumbacho anachikonza n'kuchigawa tinyumba tambirimbiri. Kumene kunkanunkha nsomba kuja tsopano kuli malo omwera khofi ndi maboti a anthu olemera. Yanga ili pansanjika yachitatu. Ndi chipinda chimodzi chachikulu, denga lake lili kutali, ndipo zenera limayambira pansi mpaka pamwamba, loyang'ana kunyanja. Pogona pali m'mwamba, umachita kukwera masitepe achitsulo. Khoma lina analisiya njerwa zili pamtunda, mapaipi akuonekera. Mayi wogulitsayo anati ndiyo fashoni yake masiku ano. Ndinamuuza kuti kwathu imeneyo timati nyumba yosamaliza. Anaseka, ine n'kusaina.

Musade nkhawa, sindinakhudze chilichonse cha malemu bambo. Ndi thukuta langa la zaka makumi atatu za uzamba.

Makiyi ndinalandira mu Januwale koma sindinauze munthu. Ndikaweruka masana ndinkapita kumeneko maola awiri kapena atatu, kunyumba n'kukanena kuti kuchipatala kwachuluka amayi oyembekezera. Ndanama miyezi inayi, achimwene, ine mzimayi wa imvi. Ndipo chimene ndinkakachitako ndi kugona basi. Ndinagula matiresi, ketulo, beseni ndi kapu imodzi.

Inu mukudziwa kuti chikwatirireni Mfeddal, chipinda changa chinakhala chawo. Zaka khumi ndi chimodzi zimene bambo anadwala ndinkagona pansi, pambali pa bedi lawo. Zimenezo sindidandaula nazo, atati abwerere ndikhoza kuwasamaliranso. Koma atamwalira chipinda chawocho anachilowa ana, ine ndinapita pampando wa pabalaza, pamene munthu sugona mpaka womaliza atatopa ndi TV. Zovala zanga zimakhala m'sutikesi pansi pa mpandowo.

Amene anandigwira ndi Rhimou. Pochapa anapeza lisiti la makatani m'thumba la mkanjo wanga, pomwe kunyumba sikunabwere katani. Anakanong'oneza Khaddouj, mayi wa nyumba yoyang'anizana nafe uja, kuti mlamu wake wapeza mwamuna. Lachiwiri lapitali awiriwo ananditsatira pa takisi kuchokera kuchipatala.

Anagogoda ngati apolisi. Nditatsegula anandipeza wopanda mpango, mapazi akudontha madzi a m'beseni, nsomba za sadini zokazinga zili papepala pansi. Rhimou sanandipatse moni. Anathamangira m'masitepe akukuwa kuti tuluka, nkhalamba yopanda manyazi iwe, takuona kale. Anatukula ngakhale matiresi, ngati mwamuna ndi mphemvu. Khaddouj anakasuzumira kubafa atanyamula nsapato m'manja.

Atasowa munthu, Rhimou anakhala pasitepe akupuma wefuwefu, n'kundifunsa kuti nanga alamu, mumadzatani muno nokhanokha. Ndinati ndimadzapuma. Anayang'ana pazenera. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati tsiku lina, ana ali kusukulu, munthu angabwere kudzagonako pang'ono masana. Ndinamuuza kuti abwere ndi kapu yake. Nthawi yonseyi Khaddouj anali akumaliza sadini zanga.

Anadya, koma pakamwa sanatseke. Pofika Lachitatu msewu wonse unali utamva kuti mwamunayo analipo ndithu, kungoti anadumphira pazenera. Zeneralo lili pansanjika yachitatu ndipo silitseguka n'komwe. Ena akuti ndi Msipanishi wa boti, ena akuti ndi dokotala wa kuntchito kwathu. Wogulitsa buledi wayamba kunditchula kuti mkwatibwi.

Lachisanu titatha kudya chakudya chathu cha kusikusi, Mfeddal anatulutsa ana n'kundikhazika pansi. Anati bola akanampeza mwamunayo, akanamukokera kwa shehe, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mkazi wongochoka pakhomo popanda chifukwa, anthu aziti iye wathamangitsa mlongo wake. Anafunsa ngati pakhomopo ndimagona ndi njala. Ndinati ayi. Anafunsa ngati alipo amene ananditukwana. Ndinati palibe. Ndiye anati ngati ndinkafunadi nyumba, ndinalekeranji kugula ya zipinda zitatu kumtunda kuno, yoti mwana wake wamkulu akadzakwatira adzapeze poyambira, m'malo mwa khola la nkhunda pakati pa alendo oyenda ndi agalu pachingwe.

Ndinamuuza zoona. Ya zipinda zitatu ndinaiona, inali yabwino, ndipo ndinaikana dala. M'banja mwathu chipinda chachiwiri sichingathe mwezi chopanda munthu, ndipo wophikira munthuyo ndi kumuchapira angakhale ine.

Anaimirira n'kunena kuti nkhaniyi mudzaiweruza inu achimwene mukabwera mu Ogasiti. Lero ndi tsiku lachitatu asakundilankhula. Akafuna mchere uli pafupi ndi ine amatuma mkazi wake.

Tsopano ndifike pamene pakundivuta kulemba.

Nyumbayi ndinakaiona kawiri chaka chatha n'kubwerera, ndikudziuza kuti ndapenga. Amene munandipititsa kukasaina ndinu. Mukukumbukira mu Disembala muja, mutaimba kuuza Mfeddal kuti mukapuma pantchito mubwerera kuno? Foni anaiika poti tonse tizimva. Iye anafunsa kuti ndi shuga wanuyo, alamu atatisiya chonchi, adzakusamalirani ndani. Munayankha osayamba mwaganiza, munati Zhor alipo. Ndinali pomwepo ndikusenda mbatata. Palibe amene anacheuka kundiyang'ana, ndipo inu simunapemphe kuti andipatse foniyo. Munapitiriza kukamba za matayala. M'mawa mwake ndinapempha maola awiri kuntchito n'kupita kudoko.

Sindikukukanani, achimwene. Ndinu munandiumirira kuti ndipite kusukulu ya uzamba bambo atakana, ndipo sindidzaiwala. Mukabwera ndidzakuperekezani kwa dokotala, ndidzakutsukani bala, ndidzakuphikirani zoyenera matenda anu. Kuchokera kudoko kufika kunyumba ya makolo basi imayenda mphindi makumi awiri zokha. Koma dzuwa likamapendeka ndizidzatsanzika n'kubwerera kwanga. Ndaona kuti ndi bwino mudziwiretu tsopano, mukadali ndi nthawi yokonza zina, kusiyana ndi kudzamva mutatsika kale sitima ndi katundu wanu.

Ndisamuka Loweruka pa 24 mwezi uno. Ogasiti sindimudikira, chifukwa palibe choti chiweruzidwe.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuimbire Mfeddal, mumuuze abwere ndi galimoto ya kugalaja, anyamule yekha katundu wanga, masana, anthu akuona. Katunduyo ndi wochepa, masutikesi awiri ndi makina osokera a malemu mayi, akhoza kukwana mu takisi. Koma a mumsewu mwathu akadzaona mlongo wanga atasenza makinawo, ine ndili pambuyo pake, miseche yonse idzafera pomwepo. Iyenso adzayenda mutu uli m'mwamba, ndipo ana ake azidzabwera kwa azakhali awo osachita kuzemba. Inu amakumverani. Payekha sangathe kubweza mawu amene ananena pamaso pa mkazi wake, koma akati atumidwa ndi akulu, manyazi sadzakhalapo.

Akakana, kapena mukakana inuyo, takisi ndidzaitana ndithu. Kungoti ndidzapita ndikulira, ndipo sindikufuna kulowa m'nyumba yanga choncho.

Mundiperekere moni kwa mwana wanu Soumaya ndi mwamuna wake, ndi kwa Anouar, mumuuze kuti azakhali ake akufunsa ngati anasiya fodya. Rhimou akuti ndikupatseni moni, akudziwa kuti ndikulemba. Mulungu akusungeni, akupatseni thanzi, ndipo awachitire chifundo makolo athu kumene agonako.

Ndine mlongo wanu,
Zhor