Akakowa a pa kabati ya Shakila

Lolemba, 2 Seputembala

Amalume a Jonathan abwera ndi kabati yakale pangolo kuno kumene amachitira ukalipentala. Yachokera ku loji ina ya ku Nkopola, kumeneko ankafuna kuiwaza nkhuni. Mwendo umodzi unadyedwa ndi chiswe, m'kati mukununkha mphemvu. Akuti a Safia a kuseri kwa msika aifuna kale. Mwana wawo Shakila akukwatiwa pa 15, ndiye mphatso yake.

Ndimayesa andiuza zopala ndi sandipepa ngati masiku onse. Koma anandiponyera bulashi. "Paja umati bambo ako anakuphunzitsa kupenta maboti. Tione. Ikakanidwa ukubwerera ku Msaka, ine sindisunga munthu wongopala matabwa."

Ku Msaka ndikafikira kuti? Ababa anamwalira, amayi ali pabanja lina, nyumba yake ya chipinda chimodzi.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Kupala tsiku lonse, zala zatupa. Mawu amene ndalankhula lero: "eya", "zikomo", ndi "achokapo" kwa bambo wina wofuna amalume.

Lachinayi, 5 Seputembala

Penti wabuluu wauma bwino. A Safia anangouza amalume kuti ikhale yokongola, basi. Ndiye ndajambula chimene ndimadziwa, akakowa oyera, awiri chitseko ichi, awiri chinacho, ataima m'madzi. Ababa ankawajambula kutsogolo kwa boti lililonse, ine nditawagwirira chitini. Diso ankaika pomaliza, amati mbalame imadzuka ukaipatsa diso.

Nditaika maso onse anayi ndinakhala pansi kuwayang'ana. Miyezi itatu ndili kuno ku Mangochi, lero ndi pamene ndaona nkhope zodziwika.

Lachisanu, 6 Seputembala

Zavuta.

A Safia anabwera masana ndi Shakila. A Safia anayang'anitsitsa zitseko zonse ziwiri. Kenako anafunsa amalume, "Bambo Jonathan, wajambula ndani?"

"Kamtsikana kangaka."

Anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, dzanja uli nalo. Koma kabatiyi ikakhala m'chipinda chimene mwanayu aziswaliramo. Ife Asilamu chinthu cha maso ndi mpweya sitiika chithunzi chake mmenemo. Apongozi ake akaiona, ikagona panja."

Sanakalipe, n'chifukwa chake zinandiwawa kwambiri. Kwathu pafupifupi tonse ndife a tchalitchi, palibe anandiuzapo zimenezi. Ndinangoweramitsa mutu. Shakila naye amangoyang'ana zala zake za kumapazi, akukoka mpango wake.

Atapita, amalume anati, "Ndinakuuza kuti ujambule zakunyanja? Ufufute zonse, ikhale ya mtundu umodzi. Akubweranso Lachitatu." Kenako anayamba kufunsa anthu za matola a ku Msaka ine ndikumva.

Loweruka, 7 Seputembala

Ndayesa kufufuta pa thabwa lina. Woyera akuonekerabe pansi pa wabuluu, ngati chipsera. Ndikapalanso, chitseko n'chopyapyala kale, chibooka. Komanso a Safia sanafune kabati yopanda kanthu, anafuna yokongola.

Sindinakhudze akakowa anga.

Lamulungu, 8 Seputembala

Kutchalitchi ndinakhala benchi yomalizira. Potuluka aliyense anali ndi wake woyenda naye. Ndinazungulira cha ku mlatho kuti ndisafike msanga kunyumba. M'mbali mwa Shire muli maluwa oyera aja oyandama, phesi lake lalitali lopindika. Ndinawayang'ana mpaka wa kabaza wina anandifunsa ngati ndataya chinthu m'madzi.

Phesi lija likupindika ngati khosi la kakowa.

Lolemba, 9 Seputembala

Ndinayamba ndi maso. Kadontho kamodzi ka penti woyera pa diso lililonse, basi. Ndinawapepesa ababa mumtima.

Khosi ndalipaka wobiriwira, lasanduka phesi. Mutu ndi mlomo zakhala duwa losatseguka. Thupi ndaliwonjezera mizere kuti likhale duwa lalikulu lotambasuka, miyendo ndaibisa m'masamba. Amalume anadutsa kawiri, kachiwiriko anaima pang'ono, kenako n'kupitirira.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Vanishi. Chikwama changa ndalongedza, kuti zikavuta ndisachedwetse anthu.

Lachitatu, 11 Seputembala

A Safia anavala magalasi, n'kuyang'ana chitseko chimodzi, kenako chinacho, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine ndinali kuseri kwa mulu wa matabwa.

"Awa ndi maluwa," anatero. "Bambo Jonathan, kunyumba kuli mipando iwiri yakale, ya malemu amuna anga. Muitenge mawa. Apente yemweyu."

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero amalume, osachita ndi manyazi omwe. Anatuluka onse awiri kukafuna ngolo.

Shakila anatsala. Anayendetsa chala pa phesi lija pang'onopang'ono, mpaka pa duwa losatseguka. "Khosi linali ili," anatero motsitsa mawu.

Mumtima ndinati basi, aitana amayi ake.

"Musaope achemwali, amayinso aona. Diso palibe, ndiye ndi duwa." Anakhala pa chitini cha penti, osasamala diresi. Anandiuza kuti akukakhala ku Chiponde, kumalire, kopanda nyanja, ndipo kupatula mwamuna wakeyo sakudziwako aliyense. "Ine kulankhula ndi anthu achilendo kumandivuta. Ndizikangotsegula kabatiyi n'kutseka."

Ndinaseka. Ndinadabwa kumva kuseka kwanga.

"Amalume anu amangoti kamtsikana. Dzina lanu ndani?"

"Mariya."

"A Mariya, mulilembe m'kati mwa chitsekomu, pansi pake, pang'ono chabe. Zilembo zilibe maso."

Ndinalemba ndi bulashi yaing'ono, iye atandigwirira chitini. Akuti pa 15 ndibwere m'mawa ndithu, ndisadikire kuitanidwa kawiri, mpango andibwereka wake.

Chikwama chija sindinamasule, ndangotulutsamo diresi yachikasu kuti ndiichape.