Dzina la bambo latuluka kawiri

Lachitatu, 14 Maio. Tsiku lonyansa.

Masiku atatu ndakhala ndikulimbana ndi pulogalamu yaulere ija, yofunsa nkhokwe za deta zingapo nthawi imodzi. Lero yatheka: kaundula wa bungwe lathu la alimi wa kuno ku Tsangano ndi wa ku Chidzolomondo ayankhira pamodzi. Poyesa, ndalemba dzina la bambo anga. Latuluka kawiri. Akuti chaka chino alandira mbewu ya mbatatesi kuno, ya chimanga uko. Bambo tinawaika m'manda zaka zinayi zapitazo.

Ndawaonetsa a chefe, mkulu wa ofesi yathu. Sanadabwe n'komwe. "Mwangoyamba kumene kuphunzira, Dona Lídia. Mwalakwitsa penapake."

Sindinalakwitse, ndabwereza kasanu. Mawa amayi akubwera kudzafunsanso chifukwa chimene bungwe linawamanira mbewu, ndipo sindikudziwa ngati ndiwauze kuti...