Mayina Atatu pa Positala

Lolemba, 29 Julayi
Mphepo ya m'mapiri. Milomo yong'aluka. Ku loji chipwirikiti, Chikondwerero cha Mapiri chayandikira. A ku Harare akubwera kudzakwera zitunda zomwe agogo ankakumbamo miyala chogwada. Iwo akuti kuli mpweya wabwino. Priscilla, manijala wathu, tinalowa naye yunivesite chaka chimodzi. Iye anamaliza. Ine zaka ziwiri, kenako matenda a bambo. Lero amandituma ngati wantchito wa kwawo. Akuti, "Masozi, anthu ako a zvigure aja abwera?" Zvigure ndiye gule wamkulu m'Chishona cha kuno. Anthu anga. Ngati mbuzi.

Lachitatu, 31 Julayi
Kukomboni kwa a Custodio, omwe amayang'anira za gule kuno. Ndinagwada, mawondo mbuu. Avomera: zilombo zitatu, pa 10 Ogasiti, masana. Anatchulanso za chiliza cha bambo pa 31. Akuti gule yense adzatuluka, poti bambo anawaimbira ng'oma zaka makumi atatu. Amayi akhalira tsiku limenelo chaka chathunthu. Chimera anyika kale.

Lachisanu, 2 Ogasiti
Priscilla wandipatsa positala kuti ndikonze zolakwika. Woimba mbira, sansi ya Ashona, dzina ndi chithunzi. Wotsogolera okwera mapiri, dzina. Ngakhale wootcha nyama ali ndi dzina. Pansi penipeni, timalemba ting'onoting'ono: zvigure. Basi. Ife a ku Malawi nthawi zonse opanda mayina. Pafamu tinali manambala. Ndalemba mayina atatu m'zilembo zikuluzikulu, loyamba la amalume anga, Alfred Kalino. Ovina onse ndimawadziwa ndi mapazi. Mkazi aliyense pakomboni amawadziwa, timangonamizira. Mwambo umati wovala chigoba si munthu, ndi chilombo chochokera kumanda, dzina lake silitchulidwa. Ndikudziwa zimenezo. Koma kukomboni angawerenge positala ya Chingerezi ndani? Ndi ya alendo. Adziwe kuti akuwavinirawo ali ndi mayina.

Lachiwiri, 6 Ogasiti
Amawerenga, kani. Priscilla wamata mapositala paliponse ku Mutorashanga: pagolosale, pokwerera makombi, pageti la tchalitchi chomwe amalume ali mkulu wa mpingo. Ana akuwalondola amalumewo mumsewu n'kumavina kumbuyo kwawo. Mapositala ndang'amba asanu ndi awiri. Zikhadabo zathyoka. Priscilla anandipeza ndikung'amba. "Unalemba wekha, sha." Zoona. N'chifukwa chake ndikumuda.

Lachinayi, 8 Ogasiti
A Custodio sanandiyang'ane. Ankalankhula kwa akazi awo, akaziwo n'kumandibwerezera, chonsecho tili pamphasa imodzi. "Muuzeni mwana wa malemu kuti zilombo zilibe mayina. Walemba anthu, akavinitse anthuwo." Ndinafotokoza za ulemu wa aluso, kuti wogwira ntchito ayenera kudziwika. Mawu a m'kalasi, ndinkadzimva ndekha. Akazi awo aja anangoti, "Sukulu yosamaliza imapweteka." Iwo giredi 3 sanaione n'komwe. Za chiliza sanatchule. Ndaopa kufunsa. Amayi sindinawauze kanthu, ali kalikiliki kupinda nsalu yoyera yovundikira mwala.

Loweruka, 10 Ogasiti
Bwalo ndinasesa ndekha. Alendo pamipando, nsapato za mtengo wapatali zodzola fumbi, mafoni m'mwamba. Itakwana 3 koloko, zii. 4 koloko, zii. Mayi wina wa magalasi akuda anandifunsa ngati ndingavineko pang'ono ineyo, poti ndine wa mtundu womwewo. Ndinamuuza kuti akafukule agogo ake amuvinire. M'Chishona chomveka bwino. Priscilla wandilanda makiyi. Ipite, inali ntchito yanji?

Lamulungu, 18 Ogasiti
Amayi amvera kutchalitchi. Amalume awaimitsa paukulu. Sakubweranso kuno, akationa amakhota. Amayi sanandikalipire, bola akanatero. Anamanga chitenje, nkhuku m'khwapa, ulendo kwa a Custodio kukapepesa mlandu wanga. Abwerako ndi nkhuku yomweyo. Akuti safuna nkhuku. Akufuna ineyo ndikaime pamaso pa amayi onse a pakomboni, ndikanene kuti ndinanama, kuti sindidziwa amene amavina. Ndikatero gule adzatuluka pachiliza. Ndikapanda kutero, ayi.
Ndikanene bodza kwa anthu odziwa kuti ndi bodza, iwo n'kumagwedeza mitu. Sindinaname.

Lachinayi, 22 Ogasiti
Fumbi. Mutu. Tsiku lonse kutunga madzi a mowa. Pachitsime ndikafika nkhani imatha. Mai Domingas, oyandikana nafe, anayankhulira m'chigubu chawo: "Ena kuphunzira kwawo n'kuvula anzawo." Ndinawafunsa ngati amuna awo anabwerako kuchokera muja anapita kukagula ndudu zaka zisanu zapitazo. Anatsala pang'ono kundiponyera chigubucho.

Lachitatu, 28 Ogasiti
Amayi apemphanso. "Ndi mawu atatu okha, mwanawe. Sumeza nawo mwala." Ndinati a Custodio akungoopseza, sangamane bambo gule. Anali ngati pachibale, ankasuta ndudu imodzi. Abwera. Akufuna andione nditagwada basi, iwo ndi komboni yonse, chichokereni ine ku yunivesite akhala akudikira zimenezi.

Loweruka, 31 Ogasiti
Anabwera. Onse. A Custodio, amalume, ovina onse, m'majekete ndi mataye, atakhala pabenchi ngati ali kukhoti. Opanda ng'oma ngakhale imodzi. Nyimbo ziwiri za m'buku, pemphero, amayi n'kuchotsa nsalu pamwala. Sipanathe ola. Anadya, mowa sanaukhudze, anatsazika mwaulemu. Migolo iwiri ili apo, ntchentche zokhazokha.
Amayi anatsalira kumanda. Nditawatsatira anati, "Bambo ako anaperekeza maliro onse a pakomboni pano ndi ng'oma. Lero agona ngati wodutsa." Mawu otsika, osalira.
Ndinati ndipita mawa m'mawa. Ndikagwada, ndikanena zonse zomwe akufuna, ndikanenanso kawiri. Tikonze tsiku lina, chimera ndigula ine.
Amayi anapinda nsalu ija, osandiyang'ana. Akuti mwala amavundukula kamodzi.