Mphini za Ludovina

Lolemba, 13 Okutobala 2008

Kutentha. Nampula yense fumbi lokhalokha. Makasitomala awiri tsiku lonse, onse a zithunzi za chiphaso. Wina anaphethira katatu, ndinamukalipira.

Chiliza cha Ludovina chatsala pang'ono. A Ussene, mmisiri wa miyala, asiya bowo lozungulira pamwamba pa dzina, loikamo chithunzi. Chithunzicho amachiwotchera pa kambale kadothi ku Beira, ndiye chichoke kuno pofika pa 24 kuti chibwere tsiku lokumbukira akufa lisanakwane, pa 2 Novembala. Chaka chathunthu chimwalirireni mkazi wanga. Ndimawiritsabe tiyi wa anthu awiri.

Ndasankha cha mu 1975. Duku la maluwa, nyali imodzi kumanzere, nsalu yoyera kumanja yobweza kuwala. Khungu losalala, lopanda kadontho. Ntchito yanga yoposa zonse, ndipo mumzinda muno palibe angatsutse. Ojambula a masiku ano amangodziwa kudina batani.

Graciete, mwana wathu, waimba foni kuchokera ku Maputo. Wavomereza. "Chomwecho, Ababa. Amayi akuoneka ngati mkazi wa nduna."

Mawa kukubwera mlamu wanga Atanasia, mkulu wake wa Ludovina, kuchokera ku Mueda. Pamaliro sadafike, adali chigonere.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Wafika ndi thumba la chinangwa chouma ndi nkhuku yamoyo. Atangotsika basi maso anga anagwera pankhope yake. Mphini zakuda pamphumi, m'masaya, pachibwano, monga ankatemera atsikana Achimakonde nthawi imeneyo. Chaka chonse sindinaone nkhope yotere m'nyumba muno.

Ndinamuonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkuchitembenuza ngati china chili kuseri.

"Alamu, ameneyu ndiye ndani? Mudakwatiranso osatiuza?"

Ndinaseka. Iye ayi.

"Mng'ono wanga adatemedwa ine ndili pomwepo, mutu ndidamugwira ndine, ndipo sadalire. Uyu nkhope ili ngati dzira losenda. Mukaika uyu pamanda, mwaikapo mlendo."

Ndinafotokoza bwinobwino, monga mmisiri. Pa negetivu, kafilimu kotsukirako chithunzi, chakuda chimaoneka choyera, ndiye mphini zimakhala timizere towala. Umapakapo kamafuta, nkutenga pensulo yosongoka ngati singano, nkumadontheza timadontho mpaka mzere utatsekeka. Maola atatu pankhope imodzi. Adandiphunzitsa ndi a Fernandes, Mmwenye wa ku Goa amene adandisiyira situdiyo ino. Ankati munthu sabwera kuno kudzaona nkhope yake, kalilole ali naye kunyumba. Zipsera, ziphuphu, makwinya, ndachotsa za theka la mzinda uno ndipo onse adandithokoza.

Atanasia anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka: "Maola atatu? Wotema adatha ola limodzi. Mudalimbikira ndithu, alamu."

Nkhuku yake ija tadya madzulo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Situdiyo yotseka. Ndakhuthula masutikesi onse. Ndimafuna kumutseka pakamwa ndi chithunzi chimodzi chokha.

Zithunzi za Ludovina makumi anayi ndi chimodzi. Zonse zosalala. Ngakhale cha pachiphaso chake, ndidachikonza ndine. Za paukwati wa Graciete ndi za mitundu, zotsukidwa pamakina, zimenezo sindikadazigwira, koma Ludovina ali kumbuyo kwenikweni, mutu kakang'ono ngati nyemba, akuyang'ana kumbali. Wina womujambula akadachokera kuti? Mkazi wa wojambula sajambulitsa kwina.

Kuyambira 1983 adakana kukhala pampando. "Zakwana, bambo ake Graciete, mkaziyo muli naye kale m'masutikesi." Ine ndinkati watopa ndi nyali.

Kodi adandipemphapo kuti ndizichotse? Ndaganiza tsiku lonse. Ndikukumbuka 1972, iye ali wantchito wochapa kwa masisitere, amayi akumsika akumuloza ndi milomo, ana akuthawa. Akuti nkhope yolembalemba, akuti anthu akumtunda amadya njoka. Ankayenda atagwetsa mutu. Chithunzi choyamba ndidachikonza ngati mphatso, ndikumufunsira. Adati zikomo, nkuchiika pansi pa zovala. Pempho sindikulikumbuka. Ndafufuza m'mutu monse, mulibe.

Chiyembekezo chilipo chimodzi. Pensulo simalowa mu negetivu, imangokhala pamwamba. Thonje ndi dontho la mafuta a tapentaini, imachoka, mphini zili pansi pake. Manegetivu ambiri adapita ndi mphepo ya mu 94 itasasula denga, koma m'chitini cha mabisiketi ndapezamo atatu a iye. A 1972, 1975 ndi 1981.

Ndamuuza Atanasia kuti Loweruka amuona mng'ono wake. Ndinanena monyada. Sindiphunzira ine.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndinayamba ndi wa 1981. Chuku m'mbali, koma nkhope yabwino. Ndinapukuta kamodzi, mopepuka. Mzere umodzi wa patsaya unatuluka, ndinauona ndi maso angawa. Nditapukuta kachiwiri tsaya lonse linabwera pathonje. Chinyezi cha zaka zonsezi chidafewetsa filimu mkati, ine osadziwa.

Ndinakhala ndi kathonjeko m'manja. Kakuda. Kutaya sindinathe, ndakaika m'bokosi la machesi.

Atsala awiri.

Lolemba, 20 Okutobala

Kumapeto kwa sabata konse manegetivu ali pakati pa mapepala ndi mpunga kuti aume. Dzulo kutchalitchi sindinamve chilichonse.

Atanasia amakhala pakhonde akusenda chinangwa, kundiyang'ana ngati ndine wodwala. Lero wayankhula, maso ali pampeni.

"Amayi athu ankafunsa chaka ndi chaka. Akuti mwana wanga adakwatiwa ndi wojambula, bwanji chithunzi osatumiza? Nthawi ya nkhondo msewu sunkapitika, kalata zokha. Adamwalira osamuonanso. Ludovina adandilembera kuti sangatumize, Amayi angaganize kuti adadzipala nkhope pochita nafe manyazi."

Ndinati bwanji sadandiuze.

"Akuti munkasangalala kwambiri. Mukatuluka m'chipinda chanu chamdimacho ndi chithunzi chonyowa, mumachita ngati mwabala mwana. Akadayambira pati?"

Zaka makumi atatu ndi zisanu m'nyumba imodzi. Ine wodziwika kuti ndimaona zimene ena saona. Ndajambula akwati amene sankafuna ukwati ndipo ndinkadziwa poona manja awo. Ndajambula msilikali amene ankaseka, ndidadziwa kuti sabwerera. Wa m'nyumba mwanga yekha ndiye sindidamuone.

Masana ndinagwira wa 1972. Osapukuta, kungodinda thonje pang'onopang'ono. Mphumi inayamba bwino. Dzanja linaterereka, ndipo chikhadabo chinakhudza. Filimu inasendeka kuyambira padiso mpaka pakamwa.

Ndinatukwana a Fernandes m'manda mwawo. Alibe mlandu. Iwo ankakonza makasitomala, sadanditume kukonza mkazi wanga.

Lachitatu, 22 Okutobala

Graciete pafoni, wakwiya. "Ababa, mwayamba misala? Tumizani cha mu 75 chija basi. Amayi aakulu abwerera kwawo posachedwa, manda tiziwaona ndi ife." Kenaka motsitsa mawu: "Anzanga akusukulu ndinkawaonetsa zithunzi zanu. Pakhomo sindinkabwera nawo." Ndiye kuti naye ndidamuphunzitsa, popanda kunena liwu limodzi.

Ndayesa njira ina. Ndatsuka chithunzi cha mu 75 papepala, ndatenga burashi yaing'ono ndi inki, kuti ndibwezeremo mphini pamwamba. Atanasia pambali panga akulozera. Za pankhope yakeyo sizingandithandize, wotema sankabwereza, aliyense zake. Iye akuti apa zidapindika ngati phazi la nkhuku, ine ndikuti zidawongoka. Pachibwano iye akuti isanu ndi umodzi, ine isanu. Tinakangana ngati ana.

Titamaliza anaseka mpaka misozi. "Alamu, mwamulemba ngati khoma la kusukulu." Kenaka misozi ija sinasiye.

Ndang'amba. Kufufuta ndimatha, kulemba ayi.

Watsala mmodzi, wa 1975. Chuku chafika kale pakhosi.

Lachisanu, 24 Okutobala

Lero ndiye tsiku la Beira. A Ussene anabwera m'mawa kudzatenga chithunzi, ndinati abwerenso nthawi ya khumi.

Ndinaika negetivu pagome lokonzera, thonje lili kumanja, botolo lotsegula. Ola lathunthu ndikungoyang'ana. Ndinamunyamula kuti ndione pamene chuku chafika, ndipo dzuwa la pazenera linamugwera cha m'mbali. Pensulo inanyezimira.

Zonse. Mphumi, masaya, chibwano. Mzere uliwonse umene ndidatseka uli pomwepo, wowala ngati siliva, poti pensulo idatsata mphini kadontho ndi kadontho. Zaka zonsezi ndinkayang'ana negetivu molunjika kuwala, monga mwa ntchito. Kumupendeketsa sindidaganizepo.

Ndinaitana Atanasia. Ndinamugwiritsa m'mbali, ndinapendeketsa dzanja lake mpaka anaona. Anakhala pansi pasimenti.

"Ndi uyu. Ludovina, mwana wa amayi, wafika liti?"

Anayankhula naye m'chinenero chawo nthawi yaitali. Ine ndinatuluka.

Koma sizitsukika. Ukawalitsa papepala, pensulo imagwira ntchito imene ndidaipatsa, nkhope imatuluka yosalala. Ndayesa kujambula kunyezimirako ndi kamera ina, katatu. Chotuluka ndi nkhope yakuda ya maso oyera, mizere yowala, chinthu choopsa ana. Pamanda sichingakhale.

Ndikapukuta, mwina mphini zituluka, mwina nkhope ibwera pathonje ngati awiri aja, ndipo sipakhalanso kalikonse padziko pano. Ndinanyowetsa thonje. Kenaka ndinaliika pansi. Ndinatseka botolo.

A Ussene anabwera nthawi ya khumi. Cha mu 75 chosalala chinali mu envelopu, chokonzeka. Sindinawapatse. Iwo: "Bwana Celestino, ndiye bowolo ndiikemo chiyani, nkhope yanga?"

Lamulungu, 2 Novembala

Manda odzaza. Maluwa, makandulo, mabanja akutsuka ziliza ndi ndowa. Ndinadutsa m'mizere ndikuwerenga ntchito yanga. Pafupifupi chithunzi chilichonse chakale m'manda muja ndidajambula ndine. A Mussa a njinga, opanda chipsera cha pamphuno. Mayi Felismina opanda makwinya. Onse osalala, onse okongola, ndipo sindikudziwa kuti ndi angati amene abale awo amawazindikira.

Cha Ludovina dzina, zaka, mtanda, ndi bowo. Anthu ankayang'ana bowo, kenaka ine. Mayi wina kumbuyo: "Mkazi wa wojambula ameneyo." Anaseka pang'ono.

Graciete anafika dzulo pandege, wabwerera lero madzulo. Sanandiyankhule kupatula moni. Pamanda ndinamuona akuyang'anitsitsa nkhope ya amayi ake aakulu, nthawi yaitali, ngati akuwerenga.

Atanasia anaika chikhatho m'bowomo popemphera.

Lolemba, 3 Novembala

Basi ya ku Mueda inanyamuka m'mawa. Asanakwere anandipempha chinthu chimodzi.

"Alamu, ndipatseni kagalasi kaja. Ndikawaonetse Amayi pamanda pawo. Adadikira kokwanira."

Ndinafuna kukana. Ndinali nditakonza kale mawu: kutentha, chinyezi, simudziwa kusunga. Onse oona. Negetivu uja ndinamukulunga m'pepala lofewa, m'chitini cha mabisiketi, mpunga pansi. Ndinamuonetsanso kupendeketsa kwake, kuti dzuwa lichokere kumbali. Anati wamva, si mwana. Chithunzi chimodzi chokha cha Ludovina chimene chapita kwawo, ndipo chafika mochedwa ndi zaka makumi awiri.

Situdiyo ndatsegula. Kunabwera mtsikana wa chiphaso, chipsera chamoto pansi pa khutu. Anafunsa ngati ndingachichotse. Ndinati makina afa.

Zithunzi makumi anayi ndi chimodzi zija ndazibwezera m'sutikesi, pansi pa zovala, mmene iye ankaziikira. Bokosi la machesi lili pagome.

Ndimati ndilembe mphini zake pano ndisanaiwale. Ndidamugwira negetivuyo masiku khumi, ndinkangomuyang'ana, kuwerenga osawerenga. Pamphumi mizere itatu yopindika, imeneyo ndikutsimikiza. Tsaya lamanzere ngati phazi la nkhuku, Atanasia adalondola. Kapena lamanja, poti pa negetivu zonse zimatembenuka. Pachibwano isanu. Dzanja likuti isanu ndi umodzi. Ndatseka maso kuti ndimuone akumwa tiyi pampando uwo, ndipo amene akubwera ndi wa duku la maluwa, wosalala, wanga uja. Pachibwano