Pakamwa pa Amayi

Bambo a Sanda,

Apongozi anu mukuwakumbuka: ngakhale m'tchalitchi ankaimba dzanja lili m'chiuno, ngati akukalipira wansembe. Ndiye m'mawa uno mng'ono wanga Floare wanditumizira chithunzi cha mtanda wa pamanda pawo. Wosema mitanda uja wawajambulapo atakhala phee, akupota ubweya wa nkhosa, pakamwa atatseka! Ndamuimbira foni wosemayo, ndati, "Achimwene, mayi ameneyu ndi wa yani?" Akuti, "Malemu timawajambula mwaulemu, mayi." Ndati, "Basi mwajambula malemu a eni ake."

Mtandawo auzika Loweruka. Ine sindingamapite kumanda kukalira mlendo.

Musadzidzimuke mukalowa kukhitchini. Nkhope zitatu zili pachitsekozo ndajambula ndine, ndimayeserera. Yoyamba yafanana ndi mbuzi, yachiwiri yafanana ndi inu. Yachitatuyo ndi Amayi enieni, pakamwa yasa. Nditaimaliza ndakhala pansi n'kulira mpaka supu wa kabichi wapserera. Pepani. Mudye buledi ndi tchizi, simufa. Chitsekocho musachitsuke, ndipo Amayiwo akakuyambani musawayankhe, simunawapambanepo.

Penti wanu wabuluu wa pageti uja ndatenga, wofiira ndi maburashi omwe. Geti lidikire. Chikwama ndalongedza, ndikukwera basi ya kumudzi. Wosemayo akakaniza mtandawo, ndikamukalipira mmene akanachitira Amayi eni ake, mpaka akandipatse yekha. Loweruka mubwere mutavala jekete labwino lija. Mukawapeza apongozi anu ataimirira pamtandapo, dzanja lili m'chiuno.

Paraschiva